Ndinathira Mafuta a Mabuleki mu Kilachi ya Mlamu Wanga

Ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa ndikayamba ndi nthabwala monga mwa chizolowezi changa mudzaseka n'kuiwala chimene ndalembera. Mlamu wanga lero alibe mwendo wakumanja. Anaudula ndi madokotala, inde, koma ntchitoyo ndinaiyamba ndine, ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki kamene ndinagula pa kashopu kena ku Kabwata.

Inu owerenga, amene amandidziwa akuuzani kuti nkhani ikalowa m'kamwa mwanga imatuluka itanenepa. Ndikaona khoswe ndimati ndaona mbuzi. Ndikachedwa pang'ono pa mzere wa magalimoto ndimati ndinamera ndevu ndili pa maloboti. Ku sukulu ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, aphunzitsi ankayamba atulutsa dzanja pawindo. Koma iyi sindithiramo mchere. Mwinanso ndichepetsako, chifukwa zina dzanja likukana kulemba.

Ndinkakhala ku Kabwata mu Lusaka kwa sisi, mlongo wanga wamkulu, ndi amuna ake, ba Mwansa. Ife kwathu ndi ku Chipata, iwo ndi Mbemba wa ku Kasama, ndiye a kuno mwadziwa kale mmene nyumbayo inalili. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timanyozana mwachibale popanda wokwiya. Iwo ankanditcha kadyambeba, kuti ife timadya mbewa. Ine ndinkawafunsa ngati ku Kasama kwatsalako nyani mmodzi wambewu kapena anamaliza onse ndi michira yomwe. Onjezaninso kuti anali mlamu wanga. Sindikumbuka tsiku limene ine ndi iwo tinalankhulana mawu asanu otsatana opanda chipongwe.

Ba Mwansa anali dalaivala pa kampani ina m'tauni. Chaka china anagula njinga yamoto yakale kwa mzungu wina wa ku Kabulonga amene ankabwerera kwawo. Inali njinga yaitali, ya m'tchire, yoti munthu wamfupi ngati ine ndinkaima ndi zala za kumapazi. Anandipatsa kuti pakati pa sabata ndizinyamulira anthu maphukusi, mankhwala ku Woodlands, mapepala m'tauni, chakudya ku Libala, nthawi zina mpaka ku Chelstone. Loweruka ankakwera okha.

Njinga zambiri zimene mumaona mu Lusaka kilachi yake imakokedwa ndi waya. Wayayo akaduka umamuona, umagula wina, basi. Iyi inalibe waya. Pa handulo yakumanzere panali kakopo kakang'ono ka mafuta. Ukafinya liva, mafutawo amakankhidwa m'kapaipi mpaka pansi pa injini, pamene pali kapisitoni kamene kamalekanitsa injini ndi tayala. Mafuta akatha, ungafinye liva mpaka zala kupweteka, injini ndi tayala zimangogwiranabe.

Zinayamba ba Mwansa atapita ku Solwezi ndi mabwana awo kwa masabata atatu. Lolemba loyamba ndinamva liva yafewa ngati buledi wonyowa. Giya ikulowa ndi mkokomo, gwa, njinga yonse n'kunjenjemera. Ndinatenga sikuludalaivala n'kutsegula kakopo kaja. Munali mafuta otsalira pansi penipeni.

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Mafuta a kilachi sapsa ngati petulo. Akachepa ndiye kuti pali pamene akutulukira. Ine sindinafunse kuti apita kuti. Ndinangofuna kudzaza ndizipita, foni inali ikulira kale.

Kulakwa kwachiwiri kunali pa chivindikiro. Panali mawu a Chingerezi, ochepa chabe, onena kuti muno muthire mafuta a mtundu wina otchedwa minolo okha, osati a mabuleki. Ine amene ndimatha tsiku lonse ndikuwerenga za anthu pa foni, mawu amenewo sindinawawerenge. Ndinaika chivindikiro chozondotsa pa mpando n'kufunsa anzanga a njinga pa siteji pamene timadikirira makasitomala. Mmodzi anangoti, "Fuluwidi ni fuluwidi boi, thila chabe." Ndinagula kabotolo ka mafuta a mabuleki, ndinathira, ndinapopa liva kangapo. Inalimba.

Masiku awiri njinga inayenda ngati yatsopano. Ndinauza aliyense kuti ndine injiniya, kuti azungu amene anapanga njingayo akundifunafuna kuti ndikawaphunzitse. Tsiku lachinayi liva inafewanso. Ndinathira. Sabata isanathe ndinali kuthira m'mawa uliwonse. Sabata yachiwiri ndinali kuthira m'mawa ndi masana.

Chodabwitsa, pansi panalibe dontho. Ndinkaimika njinga pa simenti kuseri kwa nyumba, m'mawa n'kugwada kuyang'ana, pouma gwa. Ndinayamba kuuza anzanga kuti njingayo ili ndi chiwanda cha ludzu, kuti mzungu uja anaigulitsa ndi mzimu wa agogo ake amene ankakonda botolo. Ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Nanenso ndinkaseka.

Koma tsiku lina dontho limodzi linagwera pa thanki, ndipo pofika madzulo penti inali itatukusira pamenepo ngati khungu lopsa. Ndinachita mantha pang'ono. Ndinapukuta chivindikiro chija ndi malaya n'kuwerenga. Ndinafufuza pa foni. Ndinapeza kuti timalabala ta mkati mwa kilachi yotere tikakumana ndi mafuta a mabuleki timatupa n'kufewa, ndiye mafuta amangodutsa.

Inu owerenga, apa ndiye pamene pandiwawa. Kuyambira tsiku limenelo sindinalinso wosadziwa. Ndinkadziwa chimene ndachita, ndinkadziwanso kopita. Ku Chilenje kuli Che Yusufu, makaniko wachikulire amene makolo ake anachokera ku Mangochi, ndipo njinga imeneyi ankaisamala ndi iwo. Koma Che Yusufu anali mnzawo wa ba Mwansa. Ndinaona kale m'mutu mwanga mmene mlamu adzandisekere chaka chonse, kuti kadyambeba wathira msuzi wa mbewa mu njinga. Ine wozolowera kuseka ena, sindinafune kusekedwa pa chinthu choona. Ndinati ndidzakonza mwakachetechete, sabata yamawa.

M'malo mokonza, ndinaphunzira kuyenda ndi matendawo. Ndisananyamuke ndinkapopa liva katatu. Ndikafika pa maloboti ndinkachotsa giya msanga n'kuika pa fili, chifukwa ndinaona kuti ukagwira liva nthawi yaitali njinga ili mu giya, mphamvu imathawa pang'onopang'ono, njinga n'kuyamba kukwawa yokha dzanja lako likadali lofinya. Kabotolo ndinkayenda nako m'thumba la jekete. Ndinazolowera mpaka ndinayamba kuona ngati ndi mmene njingayo inabadwira.

Ba Mwansa anabwera Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa anavala jekete yawo kuti apite ku Kamwala kukagulira sisi lamba wa makina osokera. Ndinali nditathira kale mafuta asanadzuke. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi.

"Shani we kadyambeba, njinga yanga ikali na matayala yonse yabili?"

"Ba mulamu, njinga yanu ni Mubemba zoona. Imamwa kuseni, imamwa muzuba, siikhuta."

Anaseka. Sisi nawonso anaseka ali pakhomo ndi tsache m'manja. Ba Mwansa anati ngati ikumwa ndiye yaphunzira kwa amene akuikwera. Anavala chipewa, analiza injini, anatuluka pa geti.

Kwa miyezi ndinkadziuza kuti ndinanena. Kodi sindinati imamwa? Koma ine ndi inu tikudziwa kuti sindinanene kanthu. Ndinabisa chenjezo mkati mwa chimbuya dala, pamalo pamene ndinkadziwa kuti palibe amene angalitole. Ndipo panali chinthu china chimene ndinkachidziwa bwino, chifukwa anandinyamulapo kumbuyo kambirimbiri. Ba Mwansa pa maloboti sankachotsa giya. Ankaima mu giya wani, liva atafinya, dzanja lamanja likusewera ndi moto, vuu, vuu, kudikira gilini. Ndikanangoti, pa maloboti muziika pa fili. Mawu asanu. Ndinayang'ana msana wawo ukukhota pa kona n'kudziuza kuti Kamwala si patali.

Foni inalira nthawi ya chakudya cha masana isanakwane. Ndinali kuchapa masokosi. Ndinamva sisi akukuwa m'nyumba, liwu limene sindinalimvepo kwa iwo, ngakhale pa maliro a amayi.

Amene anaona anati loboti inali yofiira, magalimoto onse ataima, njingayo n'kungodumpha yokha kulowa pakati pa msewu ngati munthu waikankha. Minibasi inali ikubwera kuchokera kumanja. Dalaivala wake anaponda mabuleki, koma panalibe mpata. Mwendo wa ba Mwansa unapanikizidwa pakati pa bampala ndi injini. Ku chipatala anayesa masiku atatu. Tsiku lachitatu anaudula m'munsi mwa bondo.

Aliyense anati ba Mwansa anataya kilachi. Apolisi analemba kuti analowa pa loboti yofiira. A ku ntchito kwawo anabwera ndi zipatso n'kumanong'onezana pakhonde kuti mudala anapupuluma. Ndipo choopsa kwambiri, iwo eni anakhulupirira. Ankagona chagada akuyang'ana dzanja lawo lamanzere, kulifumbata, kulitambasula. Ankati zaka zonse zimene akhala pa msewu sanagundepo ngakhale nkhuku, ndiye lero dzanja n'kumasuka lokha osamva? Anapempha dokotala kuti awapime ngati ali ndi matenda a sitiroko. Anawapima, sanapeze kanthu, koma iwo sanakhutire. Atabwerera kunyumba analeka kugwira kapu ya tiyi ndi dzanja limenelo. Mwana wa aneba atawabweretsera khanda kuti alione, anakana kulinyamula. Anati dzanja ili silodalirika.

Ine ndinkachita chiyani? Ndinkawaseketsa. Tsiku lililonse ndinkafika ndi bodza latsopano, kuti ndaona namwino akuthamangitsa mphemvu ya msinkhu wa galu, kuti ku Kasama anyani achita phwando atamva kuti mlenje wawo wagona. Ankaseka mpaka misozi, n'kuuza sisi kuti mankhwala awo enieni ndi kadyambeba uyu. Ndikamva zimenezo ndinkatuluka panja.

Ntchito ya udalaivala inatha, poti mwendo wakumanja ndi umene umaponda moto ndi mabuleki. M'nyumba munalowa phokoso latsopano, la ndodo ziwiri pa simenti, go, go, kenako phazi limodzi. Mpaka lero ndikamva wina akugogoda thabwa mtima umandidumpha. Ndikakwera minibasi n'kuima pa maloboti, ndimapeza dzanja langa lamanzere lafinya mpweya pa bondo, ndipo ndimamva ngati galimoto yonse ikukwawa kulowa pakati pa msewu. Fungo la mafuta a mabuleki ndimalimva ngakhale pamene palibe galaja. Kabotolo kaja ndinakataya mu ngalande, koma thumba la jekete linatsala ndi banga lake.

Patapita miyezi iwiri sisi anati njingayo ichoke pakhomo, sakufuna kuiona. Tinaikweza pa kalole kupita nayo ku Chilenje kwa Che Yusufu kuti aiwongole igulitsidwe. Anandituma ine.

Che Yusufu sathamanga. Anayang'ana handulo yopindika ndi nyali yosweka. Kenako anafinya liva ya kilachi n'kuigwira choncho. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatsegula kakopo, ananunkhiza. Anatunga madzi m'chitini n'kudonthezamo timafuta totsala. Anandiuza kuti mafuta oyenera njinga iyi amayandama pamwamba pa madzi, koma a mabuleki amasungunukamo. Tinayang'ana tonse awiri. Anasungunuka.

Anatenga kansalu koyera n'kuyamba kupukuta malo amodziamodzi, kuchokera pamwamba. Pansi pa liva, pamene pali kalabala kotchinga fumbi, panali chinyezi pang'ono. Pa nati yomanga paipi panali pouma. Paipi yonse anaitsata ndi zala, inalibe mng'alu. Atafika pansi anamasula chivindikiro cha pafupi ndi tcheni, ndipo mkatimo munali phala lakuda, fumbi la Lusaka yense losakanikirana ndi girisi ndi mafuta anga a masabata atatu. N'chifukwa chake pansi sipankagwa dontho. Zonse zinkathera mmenemo. Anachotsa kapisitoni kaja n'kutulutsa kalabala kake. Kanali katatupa ngati chitumbuwa, kofewa koti ukakanikiza ndi chikhadabo kamang'ambika.

Anati poyamba vuto linali kalabala kamodzi aka, kotha ndi ukalamba, ntchito yosakwana ola. Tsopano anayenera kusintha timalabala tonse, ta pamwamba ndi ta pansi, kutsuka paipi, kuthira mafuta oyenera, n'kutulutsa mpweya pa kanati ka pansi mpaka thovu litatha. Anachita zonsezo ine ndikuona. Pomaliza anafinya liva n'kuigwira nthawi yaitali. Siinasunthe.

Ndiye anandifunsa kuti anathira mafutawo ndani. Pakamwa panga panayamba pokha, kuti mwina mzungu uja, mwina anyamata a ku polisi kumene njinga inagona. Anandidula.

"Mwana wanga, nthano ukasimbire anzako. Munthu uja akudana ndi dzanja lake lomwe. Ine sindikanena. Koma akandifunsa, sindinama."

Anandiika kalabala kotupa kaja m'manja n'kubwerera ku ntchito yawo.

Ndinayenda nako m'thumba masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu masana, titabwera ku tchalitchi, ba Mwansa anali pakhonde, ndodo atazitsamiritsa pa khoma. Sisi anali kusoka chapafupi. Ndinakhala pansi pa simenti, osati pa mpando. Atandiona anayamba kale kumwetulira, kudikira bodza la tsikulo. Ndinawapatsa kalabala kaja n'kunena zonse, kuyambira Lolemba lija mpaka pa kiyi. Sindinawonjezere, sindinachotse. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina.

Anatembenuza kalabalako m'manja. Kenako anakweza dzanja lamanzere n'kuliyang'ana.

"So sikwanja kwanga?"

"Iyayi ba mulamu. Simunataye kilachi. Inakutayani ndiyo."

Analira. Munthu amene sanalire tsiku limene anamudula mwendo analira pakhonde, dzanja atalikumbatira pachifuwa. Makina a sisi anali ataima. Atapukuta m'maso anafunsa funso limodzi lokha.

"Pamene unanipasa kiyi, unali kuziba?"

"Ninali kuziba."

Sanandimenye, sananditukwane. Ndikanakonda akanatero. M'mawa mwake tinakumana pa mpopi, ndipo anandipatsa moni wa alendo, mwauka bwanji, mwaulemu wonse, ngati ndine munthu wobwera kudzawerenga mita ya madzi. Zinakhala choncho sabata yonse. Sisi sankandiyang'ana kumaso. Ndinaona ndekha kuti ndichoke, ndipo pano ndikukhala ndi mnzanga ku Chelstone. Ndimamva kuti ba Mwansa ayambanso kumwa tiyi ndi dzanja lamanzere. Chimenecho chokha ndi chimene ndinatha kuwabwezera.

Inu owerenga, makamaka anzanga a njinga, ndimvereni kamodzi kokha aka. Mafuta a kilachi akatsika, musathamangire botolo. Funsani kaye kuti apita kuti. Tengani kansalu koyera, yambani pa liva, tsatani paipi, tsegulani chivindikiro cha pa tcheni. Pansi pouma si umboni woti palibe podontha. Werengani chivindikiro musanathire kanthu, chifukwa njinga zina zimafunadi mafuta a mabuleki, zina amaziwononga, ndipo anzanu a pa siteji sadzakhalapo tsiku la ngozi. Liva ikamafewa muli chigwirire, imikani njingayo. Musaphunzire kuyenda ndi vuto, chifukwa machenjerero anuwo ali m'manja mwanu mokha, wobwereka sawadziwa.

Ndipo mukamapatsa munthu kiyi, ngakhale ndi mnzanu wa pa chimbuya, ngakhale ndi mlamu amene mumanyozana naye kuyambira m'mawa, imani kaye, tsekani mano, munene vutolo ndi nkhope youma. Akusekeni chaka chonse ngati afuna. Kusekedwa sikupha.

Tsiku limene ndinapita kukatenga zovala zanga ku Kabwata, ndinapeza thumba la saka kuseri kwa chitseko. Ndinaganiza kuti sisi andilongedzera katundu, ndiye ndinalitsegula. Munali nsapato za ba Mwansa, ya ku ntchito, ya ku tchalitchi, patapata, jombo ya mvula. Zonse zakumanja. Sisi anandipeza ndili chigwirire thumbalo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire zonsezi anandilankhula. Anati sakudziwa kuti azitaye kuti.